Musanagule galimoto yomwe inali ya asilikali, onani kaye ngati ingapeze nambala ndi COF

Ife a ku Zomba kuno galimoto za asilikali tinakula tikuziona, ukangoima pa M3 paja cha ku Cobbe Barracks olo kanthawi kochepa sulephera kuona lole yobiriwira ikudutsa, nde sizodabwitsa kuti ambiri mtima wathu umakhala pa zimenezi, munthu akangomva kuti penapake pali Land Rover kapena lole yakale ya asilikali ikugulitsidwa basi tulo tatha. Ine ntchito yanga ndi ya mawaya a galimoto, kagalaja kanga kali cha ku Chinamwali, ndipo galimoto zoterezi zandidutsa m'manja zingapo ndithu, ina ndi ya malume anga enieni. Funso lomwe anthu amabwera nalo limakhala lomwelomwelo, amvekere amisiri, kodi imeneyi a Road Traffic angaipatse nambala? Ine ndimati zimatheka, zina zimapasa bwinobwino, koma kulimba kwa galimoto ndi kuloledwa kuyenda pamsewu wa anthu ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo ndalama za anthu zikuthera pakati pa ziwirizi.

Galimoto ya asilikali anaipangira ntchito ina. Anaipanga kuti idutse m'matope, ikwere phiri itasenza, iyende usiku osaoneka, ikaonongeka akonze ndi sipanala kutchire komweko. Zoti ikagundana ndi minibasi pa Thondwe anthu atuluka bwanji, amene anaijambula sanaziike patsogolo. Zambiri zakalezi zilibe ma airbag, zilibe ABS, kumbuyo kuli mabenchi oyang'anana opanda malamba, denga ndi tenti. Olo ku America komwe amapanga galimoto ya asilikali yotchedwa Humvee, boma litayamba kugulitsa zotsala kwa anthu wamba mu 2014 linkanena poyera kuti ndi zoyendetsa kutchire basi osati pamsewu, chifukwa sizinayesedwe pa malamulo a chitetezo omwe galimoto za anthu wamba zimayesedwa, mpaka pano madera ena kumeneko amazilembetsa ena amakana. Nde ngati kwawo komwe zimavuta, inu musaganize kuti poti ndi ya asilikali ndekuti aliyense aigwadira.

Tiyambe ndi mapepala, chifukwa apa mpomwe pamagona nkhani. Musanalize injini, musanagogode tayala, musanafunse nkomwe mtengo, funsani kuti galimotoyi inachoka bwanji m'manja mwa eni ake oyamba. Njira zake zenizeni zilipo ziwiri. Ina ndi yomwe boma lathu lomwe lino laitaya litaona kuti yatopa, nkuigulitsa pa okushoni kapena pa tenda motsatira malamulo ogulitsira katundu wa boma, ina ndi yochokera kunja, monga ma Land Rover ndi ma Bedford a asilikali a ku Britain kapena ma SAMIL a ku South Africa, yomwe munthu waitanitsa nkulowera pa Songwe, pa Mwanza kapena pa Dedza. Ikakhala ya konkuno mukufunika lisiti la okushoni ndi kalata yosonyeza kuti eni ake anaitulutsadi m'mabuku mwawo, ndipo pa kalatayo pakhale nambala ya chasisi ndi ya injini, osati kungolemba kuti Land Rover imodzi yobiriwira ayi. Kumbukiraninso kuti galimoto ya asilikali imayenda ndi nambala zawozawo, sinakhalepo ndi bulubuku ngati ya ine ndi inu, ndekuti inu mukukayamba kuilembetsa ngati yatsopano, si nkhani yongosintha umwini. Ikakhala yakunja mukufunika mapepala onse oombolera ku MRA. Ndipo olo ya konkuno yomwe, pitani ku MRA mukafunse musanapereke ndalama, chifukwa galimoto zambiri za boma zimalowa osalipira duty, nde ikamapita kwa munthu wamba nkhani ya msonkho imatha kudzuka, ndipo msonkho wa galimoto kuno umakwera injini ikakhala yaikulu komanso galimoto ikakhala yakale, zomwe galimoto za asilikali zili nazo zonse ziwiri.

Kuli bambo ena anandiitana cha ku Jali kuti ndikawalizire lole yomwe anagula kwa munthu wina, munthuyo anawauza kuti mapepala akubwera sabata ya mawa. Ndinailiza tsiku lomwelo, injini yake yokoma kumva, koma nditafunsa za mapepala anangondionetsa kakalata kolemba pamanja pa pepala la mu kope, wogulitsa uja foni anasiya kuyankha kalekale. Loleyo ilipobe pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira mu kabini, ndipo bambowa anagulitsa ng'ombe kuti aigule. Zimandipweteka ndikadutsako. Ine mawaya ndingakonze, koma pepala lomwe kulibe palibe mmisiri angalipange, ndipo amene angakuuzeni kuti alipanga akukutengerani ku ndende.

Mapepala akaoneka, tengani tochi mulowe pansi mufananize manambala ndi maso anu. Pa Land Rover nambala ya chasisi anaidinda pa chitsulo cha chasisi kutsogolo mbali ya kumanja, ndipo ikakhala ya m'ma 1980 kubwera kuno imakhala ya zilembo ndi manambala 17, zambiri zimayamba ndi SAL. Vuto la galimoto za asilikali ndi penti, amangopaka pamwamba pa inzake chaka ndi chaka mpaka nambala kukwiririka. Chonde musatenge grinder. Pakani mankhwala osungunula penti kapena thinner, pukutani ndi kabulashi ka waya pang'onopang'ono mpaka iwonekere, chifukwa pamalo pa nambala pakangooneka kuti papalidwa, apolisi omwe amaona ngati galimoto si yobedwa aikayikira pompo ndipo akhala akulondola. Musadindenso nokha nambala yomwe yafufutika, olo mukuidziwa pamtima. Chinanso, asilikali amasinthanitsa ma injini, ya galimoto iyi kuika mu iyo bola ntchito iyende, nde nkosavuta kupeza kuti nambala ya injini yomwe ili pa kalata si yomwe ili mu bonetimo. Mukaona choncho bwererani kwa wogulitsa akakonzetse kalatayo iye, musanyamule vutolo nkupita nalo kwanu.

Zotsalazo ndi zomwe aliyense wolembetsa galimoto amadutsamo, polisi ikuyeretseni, mukhale ndi khadi lanu la mu MALTIS lija amajambula nkhope ndi zala, mutenge chiphaso cha unzika, inshulansi olo ya third party, kenako galimoto ikayesedwe kuti ipeze COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ofesi ya Road Traffic tili nayo konkuno ku Zomba, lowani mkati mufunse nokha kwa ogwira ntchito, muwauze mtundu wa galimoto, kulemera kwake ndi mbali yomwe kuli chiwongolero, makamaka ngati chili kumanzere, musanagule. Madobadoba omwe amakuthamangirani panja musawapatse mapepala anu, ndipo ndalama iliyonse mulipire poyenera mutenge lisiti. Poichotsa pomwe mwaigula ikwezeni pa lole kapena ikokedwe, osaiyendetsa ilibe nambala ilibe inshulansi poti ndi pafupi.

Tsopano galimoto yeniyeniyo. Ya malume anga ndi Land Rover 110 ya dizilo yomwe inali ya asilikali a ku Britain, anaigula kwa munthu yemwe anaiombola bwinobwino koma nkungoiimika zaka. Tsiku lomwe tinakaiona malume anangoyang'ana pa geji nkuona kuti yayenda pang'ono, anasangalala, amvekere iwe, imeneyitu ndi yatsopano. Ndinawauza kuti malume, galimoto yoima imaola kuposa yoyenda. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, labala yense amauma, mafuta a buleki amamwa chinyezi, dizilo wokhalitsa amachita zinyalala zoterera pansi pa thanki zomwe zimatseka fyuluta, makoswe amadya mawaya. Komanso geji ya malumeyi, monga ya galimoto zambiri za ku Britain, imawerenga ma mile osati ma kilomita, mile imodzi ndi 1.6 km, nde yanu ikakhala yotero nambala yomwe mukuionayo ichulukitseni. Izi zimakhudzanso liwiro, muvi ukaloza 50 ndekuti muli pa 80 km pa ola, pomwe chikwangwani cha mtauni chikunena 50 inu muvi wanu ukhale pa 30 kapena 31. Ine ndinawamatira timapepala pa galasi la geji kuti asamasokonezeke.

Bodi ya Land Rover ndi aluminiyamu, siichita dzimbiri, ndipo mpomwe anthu amapusitsika. Chasisi ndi chitsulo, chimaola kuyambira mkati. Tengani hamala yaing'ono mugogode chasisi chonse, makamaka chopingasa cha kumbuyo chomwe pamakhala chokokera, timikono tomwe tagwira bodi, ndi chitsulo cha kutsogolo kwa mapazi a dalaivala pomwe pamangika zitseko. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chowola chimangoti phu ndipo dzimbiri limayoyoka. Zochokera ku Britain zimadyeka kwambiri chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira. Pomwe paola pakufunika kudula nkuwotcherera chitsulo chatsopano, osati kumata bodyfiller nkupaka phula lakuda pamwamba kuti woyesa asaone, chifukwa amene adzakwere mmenemo ndi ana anu.

Mabuleki ndiye musanyengerere olo pang'ono, ife tikukhala pansi pa phiri. Aliyense amene anatsikapo msewu wa Ku Chawe atasenza mbatata kapena matabwa akudziwa zomwe ndikunena, makona aja safuna buleki yoti mpaka upope kawiri. Ife pa ya malume tinasintha mapaipi onse a labala olo ankaoneka abwino, masilinda a kumbuyo omwe anali atagwira, ndi mafuta onse tinakhetsa nkuthira atsopano. Mapaipi achitsulo ayendereni ndi dzanja kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, pomwe pali dzimbiri lotupa sinthani. Handibuleki ya Land Rover siigwira matayala a kumbuyo ngati galimoto zina, ili ndi dramu yakeyake kuseri kwa transfer box, nde silo ya pamenepo ikamadontha oilo amanyowetsa ma shoe, mumakoka mpaka kumwamba koma galimoto nkumatsetserekabe. Yathu inali choncho, tinasintha silo ndi ma shoe omwe. Potsegula madramu akale musapemerere fumbi lake ndi kompresa, ma lining akale ambiri anali ndi asbestos ndipo fumbi limenelo limaononga mapapo, nyowetsani ndi madzi a sopo mupukute ndi kansanza. Ikakhala lole ya mabuleki a mpweya, ilizeni mudikire geji ikwere, muzimitse, mumvetsere ngati penapake pakuti tsii, ndipo mutsegule timipopi ta pansi pa mathanki a mpweya, mukaona madzi a dzimbiri akutuluka ambiri dziwani kuti mavalavu nawo adyeka. Kuyesa koyamba chitirani pa bwalo lafulati lopanda anthu, kuphiri mudzapite zonse zitatheka, ndipo potsika muzitsika ndi giya yaing'ono.

Matayala a galimoto za asilikali amanamiza. Mano ake amakhala akuluakulu ngati sanayendepo koma tayala lili ndi zaka zoposa mwana wa sekondale. Yang'anani m'mbali mwa tayala pomwe palembedwa DOT, kumapeto kwake kuli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2314 ndekuti sabata ya 23 chaka cha 2014. Mukapeza manambala atatu okha ndekuti linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, limenelo ndi lopangira nkhwaira basi. Onaninso timing'alu m'mbali ndi pakati pa mano. Komanso matayala aja a mano opingasa amagwira bwino m'matope a ku Chingale koma pa tala wonyowa amaterera zoopsa, ndipo mvula ya ku Zomba mukuidziwa. Ma lole ambiri akale ali ndi ma rimu ogawika aja okhala ndi mkombero wachitsulo, amenewo musalole mwana wongophunzira kumene awapope, mkombero ukafwamphuka umapha munthu, apititseni kwa omata matayala a ma lole omwe amadziwa kumanga ndi tcheni kapena kupopera mu khola lachitsulo.

Ndifike pa gawo langa la magetsi, pomwe galimoto zoterezi zimagwera kwambiri pa COF, ndipo yathu inagwa pomwepa ulendo woyamba. Ma Land Rover a asilikali a ku Britain ali ndi swichi yozungulira ya magetsi yokhala ndi malo angapo, mbali ina ndi magetsi wamba, mbali inayo ndi yoyendera mumdima pa mdipiti. Mukaipotokolera mbali ya mdipitiyo magetsi akutsogolo amazima, a buleki sayaka olo muponde bwanji, ma indiketa zii, chimangoyaka ndi kababu kamodzi kakang'ono pansi kumbuyo komwe kamaunikira pa difu, nchifukwa chake mukasuzumira mupeza difu ya kumbuyo anaipaka penti yoyera, kuti woyendetsa galimoto ya pambuyo azitsatira kadontho koyerako ndege ya adani osaona kanthu. Nzeru zabwino zedi ku nkhondo. Koma pa M3 usiku, minibasi ili pambuyo panu inu mwaponda buleki pa hampu nyali osayaka, ndi maliro amenewo. Ife tinayesa zonse ku galaja zikuyaka, koma swichiyo inali yotha mkati, nde ndi kugwedezeka kwa panjira ma contact anasiya kugwira, tikufika poyesera woyesa akuti pondani buleki, kumbuyo kulibe kanthu. Anatibweza, ndipo anachita bwino. Nditabwerera ndinaichotseratu pa dongosolo, magetsi a buleki, ma indiketa, ma hazard ndi hutala ndinawapatsa waya wawo wodutsa pa fyuzi bokosi yatsopano, kuti wina olo apotokole chiyani mu kabini nyali za buleki ziziyakabe. Inunso uzani wamawaya wanu achite chomwecho, asangoipukuta swichiyo nkuibwezera.

Funsaninso ngati ndi ya 12 volts kapena 24. Ma lole pafupifupi onse ndi 24, ndipo ma Land Rover omwe ankanyamula mawailesi a mauthenga nawonso ndi 24, mabatire awiri olumikizana, alternator yaikulu, mawaya okutidwa ndi ukonde wachitsulo. Palibe choipa ndi 24 volts, mababu ake amapezeka poti ma lole akuluakulu amagwiritsa omwewo, koma mukaikamo babu la 12 limapsa nthawi yomweyo. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi choti munthu akufuna wailesi ya nyimbo kapena chotchajira foni, nde amangokoka waya pa batire imodzi. Batire imeneyo imatsika, inzake imatchajidwa mopyola, pakatha miyezi yochepa onse awiri afa, ndipo mtengo wa mabatire mukuudziwa. Gulani ka converter kotsitsa 24 kufika 12, nkotchipa kuyerekeza ndi mabatire awiri. Zosintha galimoto yonse kuti ikhale ya 12 ine sindilimbikitsa, pamafunika sitata, alternator, mota ya ma waipa, ma geji, ma relay, mababu onse, ndalama zake bola mugulire matayala.

Ikakhala ya chiwongolero cha kumanzere pali zinthu ziwiri. Magetsi ake akutsogolo anawapanga kuti aziunikira kwambiri mbali ya kumanja, komwe kwawoko ndi m'mphepete mwa msewu koma kuno ndi m'maso mwa amene mukukumana naye, ndekuti nyali zonse ziwiri zisinthidwe, kungozitsitsa sikukwanira. Chachiwiri, ife timayenda kumanzere, nde mukafuna kupitirira lole pa Namadzi inu muli mbali ya kutchire simukuona kutsogolo mpaka theka la galimoto litalowa kale mbali ya eni ake. Ine munthu akandifunsa ndimamuuza kuti asakasake ya kumanja, za ku Britain ndi za ku South Africa zambiri ndi za kumanja kale.

Tizinthu tating'onoting'ono tomwe asilikali sasamala nato koma woyesa amayang'ana, nyali younikira nambala ya kumbuyo, magalasi oonera kumbuyo mbali zonse, ma waipa ndi madzi ake, hutala, galasi lakutsogolo losasweka, zitseko zotsekeka bwino, ma reflector oyera kutsogolo ofiira kumbuyo, ma triangle awiri, ndipo pa lole chevron ija ya kumbuyo. Chiwongolero chisakhale ndi mpata waukulu, wina agwedeze inu muli pansi mukuyang'ana ma ball joint. Utsi ukhale wochepa, oilo asamadonthe. Malamba a mipando ya kutsogolo amangidwe pa chitsulo cholimba ndi mabawuti ake oyenera, ndinaonapo lamba womangidwa pa aluminiyamu wa bodi ndi kabawuti ka 10, ameneyo pa ngozi amangozuka.

Mabenchi a kumbuyo aja, malume ankafuna azinyamulirapo anthu popita ku Kachulu kuti apezeko ya dizilo. Ndinawakaniza. Munthu wokhala chammbali wopanda lamba, galimoto ikaima mwadzidzidzi amauluka nkukagunda anzake, ikagubuduzika tenti siiteteza aliyense. Komanso kunyamula anthu olipira kumafuna mapepala akeake, nambala yofiira ija, inshulansi yake ndi PrDP, chilolezo chapadera cha dalaivala wonyamula anthu, ndipo chiwerengero cha anthu chomwe chalembedwa polembetsa ndi chomwecho basi. Tinachotsa mabenchi nkuilembetsa ngati yonyamula katundu.

Za chisilikali zonse zichoke. Zomangira mfuti, mapulanga a ma eriyo, manambala ndi zizindikiro za gulu lawo, sailini ngati ilipo, ndipo mukapezamo wailesi ya mauthenga musaiyatse, mafunde a wailesi kuno amayang'anira ndi a MACRA ndipo amafuna chilolezo. Penti ya mawangamawanga ija ndikudziwa kuti ndi yomwe ena imakukokani, koma mu tauni ya asilikali ngati ino simukufuna kuti pa rodibuloko iliyonse muzifotokoza kuti ndinu ndani, kapena anthu akumudzi azikuyesani asilikali. Pakani mtundu wina musanakalembetse, kuti mtundu womwe ulowe mu kompyuta ukhale womwe uli pa galimoto. Malume anasankha yoyera. Popala penti yakaleyo valani chotchinga mphuno chenicheni ndipo palani ndi madzi, mapenti a asilikali ena ali ndi mankhwala oipa ku chifuwa, ana asamasewere pomwe mukupalirapo.

Onaninso laisensi yanu. Pa galimoto pamakhala kachitsulo kolembedwa kulemera kwake ikasenza, Land Rover 110 wamba ndi 3,050 kg nde code B ikukwana poti imafika 3,500 kg. Koma Bedford, Leyland DAF, Unimog yaikulu kapena SAMIL zimapyola pamenepo kutali, mukufunika C1 yomwe imafika 16,000 kg, kupyola apo ndi C. SAMIL 20 imasenza matani awiri, 50 asanu, 100 khumi, koma poti yokha ndi yolemera kale musaone ngati 20 ija ndi kagalimoto kakang'ono. Zambiri mwa izo zili ndi injini ya Deutz yozizira ndi mphepo, ilibe radiator, nde fumbi ndi oilo zikamatirira pa zipsepse za masilinda imatentha mwakachetechete, muzitsuka.

Nkhani ya mafuta ndi masipeya muiwerengere musanagule, walira mvula walira matope. Ma lole amenewa amamwa dizilo kwambiri ndipo sathamanga, ndi mmene mafuta amasowera nthawi zina muno muganize kuti muzidzaima pa mzere ndi chinthu chotalika choncho. Masipeya a Land Rover ndi a Land Cruiser amapezeka, mukasowa kuno mupeza ku Limbe kapena ku Blantyre, ndipo olo Land Rover Defender yakale anasiya kupanga mu 2016 zipangizo zake zikupangidwabe. Koma Bedford kapena Unimog kasilo kamodzi kakhoza kukuimitsani mwezi mukudikira kuchokera ku Joni kapena ku UK. Ngati ntchito yanu ndi yoyenda pa tala kupita ku Liwonde ndi kubwera, ine ndingakuuzeni kuti gulani lole wamba ya matani awiri kapena atatu, ikutumikirani bwino. Ya asilikali imabweza ndalama pomwe zinzake sizifika, kumunda nthawi ya dzinja, kutsidya kwa mitsinje yopanda milatho, kokatenga mpunga ku madambo a ku Chilwa.

Tsiku lokayezetsa itsukeni pansi pomwe kuti woyesa aone chasisi ndi manambala mosavuta, pitani m'mawa, tengani mapepala enieni ndi mafotokope ake mu fayilo imodzi, mababu apadera, mafyuzi ndi sipanala zingapo. Muuzeni woyesa ngati galimotoyo imakoka matayala onse anayi nthawi zonse ngati mmene ilili 110, ndipo diff lock ikhale yomasula. Akakubwezani funsani bwinobwino chomwe chalakwika, mulembe, mukakonze chenichenicho. Wina akakunong'onezani kuti COF itha kutuluka galimoto osaiona, mukaneni, pepala limenelo silidzakugwirirani buleki potsika Ku Chawe. Ife ulendo wachiwiri inapasa, tinakadinditsa nambala yake ya ZA, malume anaiyendetsa okha kubwerera kunyumba ine ndili pambali ndikumvetsera kulira kwa giyabokosi.

Ikayamba ntchito, sabata yoyamba muziyenda maulendo afupiafupi musanaisenzetse, chifukwa galimoto yomwe yaima zaka imatulutsa matenda ake ikatenthedwa, apa silo yayamba kudontha, apo paipi ya madzi yaphulika. Mangitsaninso manati a matayala mukayenda makilomita 50 oyamba, sinthani fyuluta ya dizilo kachiwiri pakatha mwezi poti zinyalala za mu thanki zimakhala zikubwerabe, ndipo ikakhala ya injini ya Tdi sinthani timing belt musanaidalire olo wogulitsa alumbire kuti ndi yatsopano, ikaduka imapinda ma pushrod muli pakati pa dambo. Ya malume pano ikutuluka m'bandakucha kupita ku Kachulu nkubwera ndi matumba a mpunga, Loweruka lililonse amaibweretsa ku galaja, iwo amaponda buleki ine ndimaima kumbuyo kuona ngati nyali zonse ziwiri zayaka.